Foni Zofuna Mano

Mungakwere basi mpaka msana utauma, mungawoloke nyanja zamchere, mungakadye mpunga kumaiko kumene anthu amadyera timitengo, koma ufumu wonga wa Tidzaona simudzaupeza. Ife amene tidatha nsapato ndi maulendo, osati ongomva za m'maluwa, tikunenetsa kuti kulibe. Kwina konseko, mfumu ikafuna kuti anthu ake asangalale imayamba yawafunsa pamene pakuwawa. Ku Tidzaona zotayitsa nthawi zotero adazisiya kalekale.

Mwini dzikolo adali Mfumu Sindilakwa Wachitatu, mwana wa Sindilakwa Wachiwiri, amenenso sadalakwepo. Chaka china mfumuyi idagawira munthu wamkulu aliyense foni ya ufumu, nkuletsa foni zina zonse. M'zipatala mudalibe mankhwala, mlatho wa pa mtsinje wa Udaphwa udali utagwa zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, koma foni aliyense adali nayo, kuti aziimbira abale ake kuwauza kuti mankhwala kulibe ndipo mlatho udagwa.

Zinthu zidayenda choncho mpaka kudabwera alendo ochokera kunja, aja amayenda ndi mabotolo a madzi m'manja ngati makanda. Adazungulira dziko lonse, nkulemba lipoti loti anthu a ku Tidzaona ndiwo okwinya nkhope kuposa onse pansi pano. Mfumu itamva idaitanitsa nduna zake zonse makumi anayi ku Nyumba ya Pamwamba.

"Akuti anthu anga saseka," idatero mfumu. "Adawaloleza ndani kusaseka?"

Nduna zidayang'anizana. Ya Zaulimi idayamba kuwerama ngati yaona china chake chachilendo pa nsapato zake. Ya Zaumoyo idayamba kutsokomola, nkukumbukira kuti mankhwala a chifuwa kulibe, nkuleka. Kenaka adadzuka Wolemekezeka Vomerani, Nduna ya Zamakono ndi Kuwomba M'manja, munthu amene mimba yake inkalowa m'chipinda mwiniwake akadali pakhonde.

"Mfumu yanga yosalakwa," adatero akugwada ndi bondo limodzi, poti akadagwada ndi onse awiri sakadadzukanso, "anthu alibe vuto. Vuto ndi foni zawo. Zikuyendera ubongo wakale, umene umatsekuka ngakhale munthu atakwiya. Pakufunika apudeti."

"Apudeti nchiyani?"

"Ndi kusintha zonse, mfumu, popanda kukonza chilichonse."

"Aaa, imeneyo timaidziwa," idatero mfumu, nkhope itawala. "Bwanji osangonena kuti ntchito ya boma? Ichitike!"

Nduna zidawomba m'manja mpaka zikhatho zidatentha.

Lolemba m'mawa foni zonse za mu ufumuwo zidanjenjemera nthawi imodzi ngati zagwidwa malungo. Pasikirini padatuluka mawu akuti: "Ubongo Watsopano wa Chimwemwe wafika. Sankhani mwaufulu." Pansi pake padali mabatani awiri. Lina lidati "Ndavomera." Linalo lidati "Ndavomera ndi mtima wonse." Amene adangoti manja lende osadina kalikonse, foni idawathokoza chifukwa cha kudzichepetsa kwawo, nkudzidina yokha.

Uthengawu udampeza Esinati Nachisale akuunjika tomato pabenchi lake mu Msika wa Kungofunsa, msika umene udatenga dzinali chifukwa ogula amafika, nkufunsa mtengo, nkupukusa mutu, nkumapita. Esinati adali mayi wa ana atatu, wamanja olimba, wosalankhulalankhula. Foni yake idazima, nkuyaka, nkuzimanso, ndipo itayaka kachitatu sidalinso foni yake ija.

Pofika masana anthu a mumsikamo adali atasiya malonda, amene adalibepo ndi kale, nkumafotokozerana zimene zasintha.

"Yanga ikuti batire ladzaza," adatero mayi wina wogulitsa usipa. "Chiyambire m'mawa ladzaza. Yazima ikunenabe kuti ladzaza."

"Yaphunzira kwa a Nduna ya Zaulimi imeneyo," adayankha a Fulatira, mkulu wosoka nsapato pafupi ndi benchi la Esinati. "Nkhokwe zawo nazonso zimadzaza choncho."

Tochi inkayaka masana okhaokha, poti mumdima anthu amaona zosayenera kuona. Kalikuleta inkangophatikiza, kuchotsera idali itaiwala. Pa zanyengo, tsiku lililonse inkati mvula ibwera mawa. Batani lozimitsira lidasowa. Munthu akakuimbira, foni sinkaliranso nyimbo imene udaisankha, inkatsokomola ndi chitsokomolo cha mfumu, katatu, mwaulemerero. Ndipo nambala iliyonse imene mwini foni sadaiimbire kwa miyezi itatu idafufutika, kuti papezeke malo a zithunzi: mfumu itakwera kavalo, mfumu ikuloza pamene padzamangidwe mlatho, mfumu ikuganiza.

Zonsezi zidali zazing'ono. Chachikulu chidali potsekula. Kale foni inkatsekuka ikangoona nkhope ya mwiniwake, kaya yotupa ndi tulo kaya yotupa ndi ndewu. Tsopano inkafuna nkhope yomwetulira, milomo itakwera, mano osachepera anayi ali poyera. Ikawaona inkafuula ndi mawu a mfumu yeniyeniyo: "Wamwetulira! Mfumu yakondwa!" Nthawi yomweyo chithunzicho chinkapita kwa abale onse amene nambala zawo zidatsala m'foniyo, nkuonekanso, ndi dzina lomwe, pa Chikwangwani cha Chimwemwe, chisikirini chachikulu ngati khoma la tchalitchi chimene adachiimika pakati pa msika, pamalo pamene padayenera kumangidwa chimbudzi.

"Mano anayi!" adatero a Fulatira akuyasamira foni yawo. "Ine ndatsala ndi awiri. Enawo ndikabwereke kwa yani?"

"Kapempheni ku Nyumba ya Pamwamba," adatero mayi wa usipa uja. "Kumeneko ndiko kudakali anthu otafuna."

Esinati adaisekerera foni yake monga ankasekerera ogula, milomo yokha mtima uli kwina, ndipo idatsekuka. Vuto lidali kunyumba. Mwamuna wake, Yotamu Chikakuda, kalipentala wa m'dera la Tagwamo, adali wabwino mtima koma wa nkhope ya ndwii. Adasiya kuseka chaka chimene Sindilakwa Wachitatu adalongedwa ufumu, pamene asilikali adamgwetsera shedi yake kuti padutse mdipiti wa galimoto za mfumu, zimene pamapeto pake zidadzera msewu wina. Zaka khumi ndi zisanu zidali zitapita, mano ake osaona dzuwa.

Ataweruka tsikulo, Yotamu adaiyang'ana foni, foni nayo idamuyang'ana.

"Nkhope yosavomerezeka," idatero foniyo ndi mawu otsekemera a mtsikana. "Chonde onetsani mano."

"Bambo a Filesi, ingosekani pang'ono," adatero Esinati. "Sizipweteka."

"Mano anga ndi odyera," adayankha Yotamu. "Foni iyi idzawaona ine nditafa."

Adaiponya m'thumba la ovolosi, nkupita kukasamba.

Lachitatu m'mawa Yotamu adagwa akupala thabwa. Kuchipatala adamlandira mwaulemu, adamgoneka pabenchi, nkumpatsa pepala lolembapo dzina la mankhwala amene akadamchiza akadakhalapo. Dzuwa lisanapendeke adatsikira kuli chete.

Woyamba kufika mwa akuchimuna adali Dorofe, mlongo wake wa malemu. Adayambira pasiteji ya minibasi kulira, kulira kwa mawu aakulu koma kouma m'maso. Chikwatirane Yotamu ndi Esinati, Dorofe sadalekepo kunena kuti Esinati adamdyetsa mlongo wake khuzumule. Polowa m'nyumba ya siwa, maso ake adayamba apepesa malata, nkupepesa mipando, nkupepesa makina opalira matabwa, kenaka nkufika pa namfedwa.

Lachinayi m'mawa adalowa a Gelesomu, mkulu wa adzukulu okumba manda, chipewa chili m'manja.

"Amayi, ife takonzeka," adatero atanjuta pakhomo. "Koma mwambo mukuudziwa. Khasu silikhudza dothi mwinimbumba asanalankhule."

Mwinimbumba adali a Zakeyu, malume ake a Yotamu ndi Dorofe, woyendetsa lole ya maulendo ataliatali, lero ali malire ano mawa ali ena. Kuwatumira munthu kukadakhala kutuma munthu kukagwira mphepo. Njira idali imodzi yokha, foni.

"Yanga yafufuta nambala yawo," adatero Dorofe. Sadanene kuti malumewo sadawaimbire kwa zaka ziwiri.

"Nanga ya malemu?" adafunsa a Gelesomu.

"Sindinaione. Mwina inagwera kuchipatala." Adatembenukira kwa Esinati. "Koma alamu angawa amawaimbira mwezi ndi mwezi, kuwanyengerera. Nambala ili m'foni mwawo. Tsekulani, alamu."

Amayi onse a m'siwamo adasiya nyimbo. Esinati adamasula foni pamfundo ya chitenje, nkuikweza kumaso.

"Nkhope yosavomerezeka. Chonde onetsani mano."

Apa mpamene Esinati adauona msampha wonse. Ku Tidzaona, mkazi amene waonetsa mano mwamuna wake asanaikidwe m'manda safunsidwanso mafunso. Wamudya ndi iyeyo. Nyumba amamlanda, m'dera amamthamangitsa, ndipo tomato wa mfiti palibe amamgula ngakhale kumfunsa mtengo. Kubisala pansi pa chitenje sikukadathandiza, poti mfumu ikadafuula pomwepo pamutu pa mtembo, chithunzi nkupita kwa abale onse ndi pakati pa msika. Koma akapanda kuseka, Yotamu akhala pamphasa osaikidwa, ndipo adzati mkaziyu akubisa maliro kwa mwinimbumba chifukwa akudziwapo kanthu.

"Sekani, alamu anga," adatero Dorofe mofatsa ngati akupereka madzi akumwa. "Mukuopa chiyani? Si tsiku limene munkalidikira lija?"

Esinati adapempha akuluakulu kuti amlole atuluke kamodzi kokha, akaonetse foniyo kwa okonza. Adamlola. Dorofe adamanga mpango nkunena kuti namfedwa sayenda yekha, ndipo njira yonse adayenda chammbali ngati nkhanu, maso ali pamilomo ya mlamu wake.

Okonza foni mu Msika wa Kungofunsa adali Che Twaibu, ndipo ameneyu ndiye adali munthu! Adayamba ndi sikuludiraiva imodzi ndi mpando wobwereka, adagonapo m'madepoti a maiko asanu ndi limodzi, nkubwerako ndi luso limene a ku Nyumba ya Pamwamba sakadalipeza ngakhale atasonkhanitsa madigiri awo onse m'dengu limodzi. Foni imene Che Twaibu aikana, kaikwirireni.

"Pepani ndi zovutazi, mama," adatero atamva nkhani yonse. "Ine ndatsekulapo foni zogwera m'chitsime, zopondedwa ndi ng'ombe, ina mbuzi idaitafuna theka. Koma ubongo uwu ndi wina. Dzulo ndinayesa kuiflasha ina, kuifufuta ubongo watsopanowo, inalira ngati nkhumba ikuitana apolisi."

"Nditaionetsa chithunzi changa cha ukwati?" adafunsa Esinati. "Pamenepo ndinaseka."

"Tinayesa. Pepala imalidziwa. Imafuna nkhope yeniyeni, milomo ndi mano basi. Maso siyiyang'ana n'komwe, mama. Anaichenjeza kuti m'maso ndimo mumakhala zoona."

Pamwamba pawo Chikwangwani cha Chimwemwe chinkasinthasintha nkhope: bambo akumwetulira pamzere wa kuchipatala, mayi akumwetulira pampopi wouma, wapolisi akumwetulira atagwira munthu pakhosi.

"Mwamva, alamu?" adatero Dorofe. "Ngakhale adokotala akuti sekani."

"Ine sindinatero, mayi," adatero Che Twaibu. "Ndati amene anamanga mfundo ndiye aimasule. Kwerani kumtunda."

Adakwera. Ku Nyumba ya Pamwamba adapeza kuti Ofesi ya Madandaulo nayonso idalandira apudeti: chikwangwani chake tsopano chinkati Ofesi ya Mayamiko.

"Mwabwera kudzayamika chiyani?" adafunsa mlonda wapakhomo.

"Amuna anga amwalira."

"Mayamiko apadera. Khomo lachiwiri kumanja."

Kuseri kwa khomolo kudali Wolemekezeka Vomerani mwiniwake, atakhala pansi pa sikirini imene manambala ake ankangokwera ngati mtengo wa feteleza. Esinati adagwada, nkufotokoza zonse bwinobwino, mawu osanjenjemera.

"Amwalira liti?" adafunsa a Vomerani. "Apudeti itafika kapena isanafike?"

"Itafika, bwana."

"Ndiye palibe vuto. Amwalira ali wokondwa. Malipoti athu akusonyeza kuti kuyambira Lolemba mu ufumu muno mulibe munthu wosakondwa."

"Bwana, ndikungopempha kuti foni itsekuke kamodzi kokha popanda kuseka. Ndili pamaliro."

A Vomerani adatsekula chibuku chofotokoza za ubongo watsopanowo, nkuyendetsa chala tsamba ndi tsamba, akunyambita.

"Maliro, maliro, maliro. Ayi, mulibe. Muli ukwati, muli tsiku lobadwa la mfumu, muli tsiku lobadwa la kavalo wa mfumu. Maliro tidzawaganizira mu apudeti ya chaka chamawa."

"Ndiye amuna anga adikire chaka chamawa?"

"Mayi, mlatho ukudikira. Mankhwala akudikira. Dziko lonse likudikira mwaulemu. Amuna anuwo ndi ndani kuti adumphe mzere?"

Apa Esinati adamva chinthu choopsa chikukwera kuchokera m'mimba. Sichidali chisoni. Kudali kuseka, kuseka kuja kumamgwira munthu akamva zopusa zopyola muyeso. Kudafika pachifuwa, nkufika pakhosi, ndipo Dorofe adasendera pafupi, maso ali tong'o ngati kabawi waona mwanapiye. Esinati adaluma nsonga ya chitenje, nkuluma, nkulumabe, mpaka misozi idayenderera.

"Eya," adatero a Vomerani akutola cholembera. "Misozi ya chimwemwe. Imeneyi timailemba padera."

Udali mwezi wa dzuwa loswa mtengo, ndipo Lachisanu m'mawa a Gelesomu adalowanso m'siwa, ulendo uno osavula chipewa.

"Amayi, malemu sangadikirenso boma. Tawaika m'bokosi, ndipo tikhoma dzuwa lisanafike pamutu. Achibale abwere adzaone nkhope." Adatsitsa mawu. "Komanso akuchimuna agwirizana panja. Akuti likalowa la lero mwinimbumba asanamve, mlandu ndi wanu."

Esinati adayang'ana ana ake atatu atakhala mondondozana pakhoma. Adayang'ana bokosi, limene lidali limodzi mwa amene Yotamu adakhoma yekha ndi manja ake. Mumtima adati: ndimuone nkhope komaliza, kenaka ndiseka. Nyumba ipite, dzina lipite, koma bambo a Filesi sawolera pamphasa ngati galu wopanda mwini. Adamasula foni pachitenje, nkuifumbata m'dzanja.

Adzukulu adachotsa kansalu kamene kadamanga chibwano cha malemu. Esinati adawerama, nkuima chilili.

Makwinya onse a pamphumi pa Yotamu adali atafafanizika. Milomo idali itamasuka, itakwera pang'ono uku ndi uku, ndipo mano ake oyera, amene sadaone dzuwa zaka khumi ndi zisanu, adali poyera. Idali nkhope ya munthu amene wasenza mtolo wa nkhuni ulendo wautali, nkufika, nkuutula. Esinati adali atayiona nkhope imeneyo kamodzi kokha, tsiku la ukwati wawo.

Asanakweze n'komwe foni yake, Dorofe adamkankhira pambali. Poti anthu adali atadzaza, iyi idali nthawi yake yoonetsa kuti wofedwa weniweni ndani.

"Achimwene ine! Mwandisiyira yani ine! Akuphani akuona, achimwene!"

Adadziponya pabokosi, nkudzigunda pachifuwa kamodzi, kawiri. Kachitatu, china chake chidapulumuka m'bulauzi mwake, nkugwera pachifuwa cha malemu, nkutsamira m'mbali mwa bokosi, sikirini itapenya kuchibwano. Idali foni ya Yotamu, ija idagwera kuchipatala.

Idayaka. Idayang'ana milomo, idawerenga mano, maso sidawayang'ane.

"Wamwetulira! Mfumu yakondwa!"

Mayi wina amene adali pakati pa nyimbo adatsala kukamwa kuli yasa. Dorofe adayang'ana foni, adayang'ana bulauzi lake, nkuyamba kufunafuna pansi ngati mwina pali dzenje loti alowemo.

Mphindi isanathe, mfumu idatsokomola katatu m'bokosimo. Adzukulu awiri adathawira pazenera. A Gelesomu, amene adakumba manda zaka makumi atatu ndipo sadaopepo wakufa kuposa wamoyo, adatola foniyo nkudina kuti onse amve. Kudamveka kulira kwa injini, kenaka mawu aakulu.

"Yotamu! Iwe Yotamu! Chithunzi chako chandipeza pamalire. Waseka? Iweyo? Tandiuza msanga, mphwanga, mfumu yafa?"

A Gelesomu adapereka foni kwa Esinati.

"Ayi, amalume," adatero. "Mfumu ilipo. Amene atisiya ndi iwowo. Lachitatu."

Injini ija idazima. Kwa kanthawi kudangomveka kupuma kwa munthu wamkulu amene akulimbana ndi misozi pamsewu wa eni ake.

"Lachitatu? Nanga mwandiuza lero bwanji? Ndipo foni ya Yotamu yatsekuka bwanji?"

"Ndine Gelesomu wa adzukulu, bambo," adalowererapo mkulu uja. "Mpongozi wanuyu wayenda mpaka ku Nyumba ya Pamwamba kufuna njira yokuuzirani popanda kunyoza maliro. Foni ya malemu anati inatayika kuchipatala. Yapezeka posachedwapa. Inali m'bulauzi mwa mlongo wake."

"Dorofe ali pomwepo?"

"Alipo. Akuyang'ana pansi."

"Dorofe, foni wayamba nayo mtembo usanazizire. Malata ukadayamba liti? Tamvera. M'nyumba imeneyo usakhudze ngakhale supuni. Ndi ya Nachisale ndi ana ake. Adzukulu, kumbani. Ine ndili kutali, ndikupezani pometa."

Makasu adakhudza dothi nthawi yomweyo. Yotamu adaikidwa tsiku lomwelo, ndipo mkazi wake adamlira mpaka mawu adatha, milomo yake osakwera ngakhale kamodzi. Dorofe adakwera minibasi anthu asanabwere kumanda, ndipo ulendo uno adayenda mwakachetechete.

Patapita masabata asanu ndi limodzi, Esinati adabwerera pabenchi lake. Tsiku lomwelo mumsika mudalowa malipenga, ng'oma, apolisi, mimba ya Wolemekezeka Vomerani, ndipo pambuyo pake Wolemekezeka Vomerani. Adakwera pabokosi la sopo pansi pa Chikwangwani cha Chimwemwe, nkutambasula chikalata.

"Anthu okondwa a ku Tidzaona! Makina a ku Nyumba ya Pamwamba ayeza kumwetulira konse kumene kwachitika chiyambire apudeti. Apeza kuti ambiri a inu mumamwetulira mwachinyengo, ndipo zimenezo tikambirana. Koma mwa anthu onse a mu ufumu uno wapezeka mmodzi amene kumwetulira kwake kunali koona, kochokera pansi pa mtima, kopanda nkhawa ngakhale imodzi. Mfumu yalamula kuti alandire mendulo, ndipo nonsenu mukhale ngati iyeyo!"

Pachikwangwani padatuluka nkhope ya Yotamu, yaikulu ngati chitseko cha galaja, maso ali chitsinzinire, kansalu koyera kakuonekera m'mbali.

"Nzika Yotamu Chikakuda abwere kutsogolo!"

Palibe adasuntha. A Fulatira adaloza ndi singano yawo kubenchi la tomato. "Akazi awo ndi awo, bwana."

A Vomerani adatsika, nkufika pabenchipo mendulo ikulendewera m'manja. Iwo sadamzindikire n'komwe Esinati, poti anthu ogwada onse amafanana kwa munthu amene amawaonera pamwamba.

"Mayi, amuna anu ali kuti?"

"Anasamuka, bwana."

"Mwatsoka. Komabe mutithandize. Mfumu ikufuna kudziwa chinsinsi chawo. Chinawakondweretsa chotere nchiyani? Tikufuna tichigawe kwa mtundu wonse."

Esinati adatola tomato mmodzi, adampukuta ndi chitenje, nkumuika pamwamba pa mulu.

"Anangotuluka mu ufumu wanu, bwana," adatero. "Koma za kugawazo musavutike nazo. Akuchipatala anayamba kale."

Woyamba kuseka adali mayi wa usipa uja. Kenaka Che Twaibu pakhomo la kontena yawo. Kenaka msika wonse udagwa nako kuseka, kuseka kogwira nthiti, kotulutsa misozi, ogulitsa makala akugubuduzika m'makala mwawo, apolisi atatembenukira kumbali mapewa akugwedezeka. Foni zidayamba kutsekuka m'manja, pamabenchi, m'madengu, mazanamazana nthawi imodzi, mfumu ikufuula mbali zonse ngati achule a m'dambo: "Wamwetulira! Wamwetulira! Mfumu yakondwa!" Ngakhale ya a Fulatira idatsekuka, poti adayasama kwambiri mwakuti idapeza mano ena awiri kumapeto kwenikweni, amene eni akewo adali atawaiwala.

A Vomerani adayang'ana chikwangwani, manambala akuthamanga ngati agwidwa misala. Adasiya mendulo pa tomato, nkuthamangira kumtunda, mimba patsogolo, kukanena kuti chimwemwe chotere sichidaonekepo chiyambire dziko.

Tsiku lomwelo Mfumu Sindilakwa Wachitatu idalengeza kuti apudeti yatheka, ndipo yachiwiri ibwera msanga.